Nshawa ya Pabwalo pa Mainess

A Lawrence Mbewe anaphunzitsa sayansi ndi masamu ku Chiparamba mpaka mutu unachita mbuu ndi imvi, koma kumudzi kwa akazi awo dzina lawo linali limodzi basi: mkamwini wa kwa Mainess. Anafika pamudzipo ali mnyamata, kuchokera ku Chipangali, ndi sutikesi imodzi. Anamanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a akazi awo, anadzala mtengo wa mango, anaika maliro a apongozi awo onse awiri. Mwana sanabereke. Ndiye Mainess atamwalira mu Ogasiti, aliyense ankadziwa chotsatira, ngakhale panalibe wochitchula pamaso pawo. Mkamwini wopanda mwana, mkazi akatsogola, amasudzulidwa. Abale a mkazi amamuthokoza, amamumasula, iye n'kunyamula sutikesi yake kubwerera kwawo.

Kwawo kwake kuti? Ku Chipangali kunangotsala mwana wa mlongo wawo, Edmond, woyendetsa kalole konyamula chimanga, amene ankawaimbira foni pa Khirisimasi. Makolo anatha kalekale, nyumba imene anabadwiramo inagwa, pamalopo pali soya wa munthu wina. A Mbewe sankafuna kupita. Tinene mosabisa, ankachita mantha, mantha enieni.

Chowakokera pamalopo, chimene akanatha kuloza ndi chala anthu n'kuona, chinali pakati pa bwalo. Panali paipi yachitsulo yoimikidwa m'simenti, yotalika kuposa munthu atakweza dzanja, kunsonga kwake ataotchererako kampira kachitsulo. Chakum'mawa kwa paipiyo, pansi, panali zitsekerero za mabotolo zokhomeredwa m'dothi ndi misomali yaitali, zondondozana mokhota, dzimbiri litazidya mpaka zonse kufanana mtundu.

Nkhani yake inali iyi. Wailesi ikangoyamba nkhani za masana, mthunzi wa kampira kaja umagwera pamalo ena ake. Mawa nthawi yomweyo sugweranso pomwepo ayi, umasuntha pang'onong'ono. Ukamakhoma chizindikiro pamene wagwerapo, chaka chonse, mzere wake umatsikira kummwera, umakhota, umadzidutsa wokha, umakwera kumpoto, n'kukatseka pomwe unayambira. A Mbewe ankati ndi ulendo wa dziko pozungulira dzuwa utalembedwa pansi. Mainess anangouyang'ana manja ali m'chiuno.

"Imeneyi ndi nshawa," anatero. "Mutu uku wonenepa, uku wowonda, pakati pofinyika. Zaka zonse munakhala ku koleji zija munkaphunzira kujambula nshawa?"

Dzina la nshawa, mtedza uja wa m'makoko, linakhala lomwelo. Ndipo wolima nshawayo analinso Mainess yemweyo, chifukwa nthawi ya nkhani za masana a Mbewe amakhala ali m'kalasi, choko chili mbuu m'manja. Mainess ndiye ankaika wailesi pawindo, n'kutuluka ndi hamala, msomali ali nawo pakamwa. Anayamba monyinyirika, kenako anazolowera, mpaka anayamba kutola zitsekerero akapita kumsika ku Chipata, kumabwera nazo atazimanga kunsonga ya chitenje.

Tsiku lina madzulo, pakhonde, a Mbewe anayesa kumufotokozera tanthauzo lake. Munthuyu akayamba za jometiri, masamu aja a mizere ndi makona, sankaona kuti womvera watopa.

"Mainess, anthu amene anayamba kumvetsa chifukwa chake mwala woponyedwa umagwa mokhota, ndi chifukwa chake mwezi sutigwera pamutu, sanayambe ndi mafomula amene ana akulowezawa. Anayamba ndi mizere. Liwiro la chinthu ankalijambula ngati mzere. Mphamvu imene ikuchikoka, mzerenso: kumene walozako ndiko ikukokera, kutalika kwake ndiko kukula kwa mphamvuyo. Atatero ankangoona ndi maso kumene chinthucho chipite."

"Eee."

Anatenga nzimbe ndi mpeni. "Taonani. Ndikadula molunjika, podulapo pazungulira ngati pakamwa pa kapu. Ndikadula mopendeketsa, patalika ngati dzira. Anthu akalekale ankaphunzira za dzira limeneli popanda ntchito iliyonse, kungosangalala nalo basi. Patapita mibadwo ndi mibadwo, ena anadzapeza kuti njira ya dziko lathu ndi yotero, ndipo dzuwa silili pakati, lili chakumbali. Dziko likayandikira dzuwa limathamanga, likatalikira limachita ulesi. N'chifukwa chake nshawa yanuyo ili ndi mutu umodzi wonenepa."

"Ndamva, bambo," anatero Mainess. "Patseni nzimbeyo, mwadula kale."

Nshawayo inali ndi zilema ziwiri. Choyamba, panali zitsekerero zosokera, zotuluka mumzere, zina pang'ono, zina mpata wa chikhatho chathunthu, zonse chakum'mawa. A Mbewe ankadziwa bwino kuti masana mthunzi umayenda kulowera kum'mawa, ndiye mlandu anauweruza msanga: Mainess ankachedwa kutuluka.

"Mwachedwanso lero," ankatero akatsika panjinga, asanavule n'komwe jekete.

"Ndinali ndi ntchito, bambo."

"Ntchito yanji yoposa dzuwa?"

"Yoposa dzuwa ilipo yambiri pakhomo pano."

Ankafuna kuzizula, koma Mainess anakana kwamtuwagalu. "Msomali ndakhoma ine, musazule. Mukafuna zoongoka siyani sukulu muzikhoma nokha." Zinakhala pomwepo, zikuwanyansa a Mbewe ngati kamwala mu nsapato.

Chilema chachiwiri chinali mpata. Cha mu Febuluwale mzere unaduka, panatsala danga loti munthu n'kupondapo phazi osakhudza chitsekerero. Mwezi umenewo masana kumakhala mitambo, ndipo dzuwa likawala ndiye Mainess ali kumunda. Chaka chilichonse ankati, "Tidzatseka chaka chamawa." A Mbewe anapuma pantchito Mainess atayamba kale kudwala, ndipo chaka chamawacho anachipeza ali okha.

Mvula yoyamba itagwa, a Paison anabwera. Awa anali mlongo wake wamkulu wa Mainess, mwini mbumba, munthu wamtali wolankhula mofatsa, amene nyumba yake inali tsidya lina la njira. Anakhala pampando, anafunsa za moyo, za mbewu, za bondo la a Mbewe, anazungulira mpaka nkhani zozungulira zinatha.

"Alamu," anatero potsiriza, akuyang'ana chipewa chawo, "mwakhala nafe bwino. Palibe amene angakutoleni chifukwa. Koma mukudziwa mmene timachitira. Komanso Leticia, mwana wa mlongo wanga Yosefina uja, akukwatiwa Pasaka ikapita, ndipo alibe polowera."

Mawu oti "ndilibe kopita" anafika pakamwa pa a Mbewe, koma munthu amene waphunzitsa theka la mudzi sanena zimenezo. Analoza pabwalo.

"Ntchito iyo tinayamba ndi mlongo wanu. Yatsala pang'ono. Mundilole nditseke mpatawo."

"Zamabotolozo?"

"Zomwezo."

A Paison anayang'ana paipi, anayang'ana alamu awo. "Zimatseka liti?"

"Febuluwale. Ngati dzuwa liwala."

"Chabwino. Mukatseka mutiuze, tidzaitane anthu."

Miyezi yotsatirayo inali yaitali, abale inu. Nyumba ya anthu awiri ikatsala ndi mmodzi imakula. A Mbewe ankaphika ndiwo zochuluka mosadziwa, n'kumadya zomwezo mpaka kusasa. Ankadzuka m'mawa n'kuthira tiyi m'makapu awiri, kenako n'kubweza winayo m'ketulo mwamanyazi, ngati pali wowaona. Anthu ankawapatsa moni ali panjira, osapatuka. Sikuti ankadana nawo ayi. Kungoti kale anthu ankapatukira kwa Mainess, kudzapempha mchere, kudzanena miseche, ndipo a Mbewe anali munthu uja amakhala pakhonde ndi buku pamene akazi akuseka kuseri. Tsopano kuseri kunali zii. Wailesi ankaitsegula kuyambira m'mawa, osati kuti amve nkhani, koma kuti m'nyumba mumveke munthu wolankhula.

Bwalo ankasesa okha, ndi tsache la Mainess, mosamala kuzungulira chitsekerero chilichonse. Zosokera zija akafika pa izo ankang'ung'udzabe. "Apa munachedwa. Apanso. Apa ndiye kaya munali kuti." Panalibe wowayankha kuti ndinali ndi ntchito, ndipo ankaima kanthawi, tsache lili m'manja, kudikira.

Febuluwale anafika. Tsiku loyamba loyenera kunacha bwino, kumwamba kuli ngwee. A Mbewe anaika wailesi pawindo monga ankachitira Mainess, anatenga hamala, msomali ndi chitsekerero chatsopano. Nyimbo yoyambira nkhani italira, anagwada. Mthunzi wa kampira unali pomwepo ndithu, m'mphepete mwa mpata, pamalo pamene masamu awo ananena. Mtima unadumpha ndi chisangalalo cha mphunzitsi amene wapeza ansala. Anaika chitsekerero, anaimika msomali, anakweza hamala.

Dzanja linaima m'mwamba. Anaona mpatawo, kuchepa kwake. Zitsekerero zochepa chabe, nshawa yatseka, a Paison aitana anthu. Msomali uliwonse umene akhome ukhala ukuwakankhira kunjira ya ku Chipangali, ndipo wokhoma ndi iwo eni.

Wowerenga nkhani anamaliza mitu, anayamba za mitengo ya feteleza. Mthunzi unasuntha, unachoka. A Mbewe anatola chitsekerero chawo n'kulowa m'nyumba.

Mawa lake dzuwa linawalanso. Mkuja linawalanso. Chaka chimenecho, mwa zaka zonse, ndi chimene kunagwa ng'amba pakati pa dzinja! Mvula inangoti zii. Chimanga chimene chinali pafupi kumasula chinapota masamba, kutchalitchi anthu ankapempherera mvula, m'mudzi monse nkhani inali dzuwa, dzuwa, dzuwa. Ndipo masana aliwonse, nkhani zikayamba, a Mbewe ankakhala m'chipinda atatseka makatani, hamala ili pansi pa bedi, akumvera malata akulira ndi kutentha.

A Paison anawapeza tsiku lina akuthirira tomato kuseri.

"Alamu, nshawa ija yafika pati?"

"Aa, yavuta. Masana kukumakhala timitambo."

Anangoti atanena, makutu awo omwe anachita manyazi. Munthu amene ankakwapula ana chifukwa chonamizira ansala! A Paison anavula chipewa, anayang'ana kumwamba mbali zonse, anavalanso.

"Timitambo. Alamu, chimanga changa chafanana ndi anyezi, inu mukuti timitambo? Kamtambo kameneka kakuima pabwalo panu pokha? Tandibwerekani mawa, kakaime kumunda kwanga."

Anaseka okha pang'ono, kenako anasiya, chifukwa anaona nkhope ya a Mbewe. Anakhala pachitsa.

"Ndikuona, alamu. Sindine mwana. Ndimakhala pakhonde panga paja, ndimaona makatani."

"Mthunzi ukadutsa mpatawo," anatero a Mbewe, "ndiye kuti mpaka chaka chamawa."

"Ndinadziwa kuti mudzatero. Ndipo chaka chamawa kudzakhalanso timitambo." A Paison anapukusa mutu. "Ine ndikanakhala ndekha bwenzi ndikuti khalani. Koma mbumba ili kumbuyo kwanga, mwana uja alibe nyumba. Komanso inu mukhala womangika mpaka liti? Mlongo wanga anapita, alamu. Simungamulondere ndi hamala. Loweruka likubweralo si ili, linalo, tidzakumasulani. Muwauze akwanu abwere."

A Mbewe anangoti, "Ndamva." Madzi a m'ndowa anathira onse pa tomato mmodzi.

Sabata yomweyo Yosefina, mng'ono wake wa Mainess, anabwera kudzachapa zovala ndi zofunda za malemu kuti zidzagawidwe kwa abale zili zoyera. Yosefina anali wamfupi, wamkamwa, woseka mofanana ndi mkulu wake mwakuti a Mbewe akamumva ankatembenuka. Anachapa kuseri m'mawa wonse. Dzuwa litafika pamutu anatulukira pabwalo ndi beseni, chingwe chili paphewa. Anamanga nsonga imodzi ku mtengo wa mango, inayo anapita nayo molunjika ku paipi, anakwera pa kampando, n'kuyamba kumanga.

A Mbewe anadzambatuka pakhonde. "Alamu! Ayi, ayi! Paipi imeneyo samangirirapo kanthu!"

"Chifukwa?"

"Ndi yoyezera dzuwa. Chiimikireni sinamangidwepo chingwe."

Yosefina anawayang'ana ali pakampando pomwepo, kenako anaphulika kuseka mpaka kugwira paipi kuti asagwe.

"Sinamangidwepo? Mayo ine! Alamu, chingwe ichi ndachitenga kuti? Si cha akulu anga? Taonani apa pamene utoto unachoka, mwati ndi chiswe? Inu mukangokwera njinga m'mawa, chingwe pa paipi. Akamva belu lowerukira, liwiro kudzamasula, zovala zonyowa kuziponya pampanda. Kangati ndawathandiza ine kuthamanga nazo! Ankati, 'Fulumira Yosefina, asayansi akubwera.'"

"Zoona?"

"Nanga akanayanika pati? Bwalo lonse mtengo ndi umodzi. Mwamuna n'kuimika chitsulo chabwinobwino moyang'anana ndi mango, n'kunena kuti n'cha dzuwa!"

Anatsika, anayamba kuyanika. Zitenje poyamba, kenako madiresi, kenako bulangete lalikulu lofiirira lija ankafunda mu Juni, lolemera ndi madzi. Chingwe chinalendewera. A Mbewe anaona nsonga ya paipi ikuwerama pang'ono, pang'ono kwambiri, moti munthu wosayang'anitsitsa sakanaona. Nthawi yomweyo pawindo nyimbo ya nkhani za masana inalira.

Anayang'ana pansi, chifukwa maso anazolowera. Mthunzi wa kampira unali utafika kumapeto kwa mpata, koma sunali pamzere. Unali kunja, mpata wa chikhatho, chakum'mawa. Chakumango.

Anayenda pang'onopang'ono, anagwada. Anayang'ana chitsekerero chosokera chapafupi, anatsata ndi chala kuchokera pamzere kukafika pa icho. Chalacho chinaloza ku mtengo wa mango. China, ku mango. Chinanso, ku mango. Zonse. Ndi muvi womwe uja anaujambula pabolodi zaka zonse za uphunzitsi wawo, akuuza ana kuti kumene walozako ndiko mphamvu ikukokera, kutalika kwake ndiko kukula kwake. Unali pabwalo pawo pomwe, ndipo iwo ankaudutsa tsiku ndi tsiku akung'ung'udza.

Anayamba kuwerenga. Izi zotuluka pang'onozi, zitenje ndi malaya awo a kusukulu. Izi zotalikira kwambirizi, kumutu wowonda kumene mthunzi umafika nthawi yozizira, mabulangete. Ichi chayekha cha mu Disembala, makatani, chifukwa Mainess sankalola Khirisimasi kupeza makatani akuda. Sanachedwepo mkazi uja. Nyimbo ikalira ankatuluka, manja ali ndi thovu, n'kukhoma pamene mthunzi uli, osanama ngakhale pang'ono. Ndipo madzulo ankamuuza kuti wachedwa, iye n'kungoti ndinali ndi ntchito, akuseka chamumtima, chifukwa akananena zoona chingwe chake chikanaletsedwa.

A Mbewe anakhala pansi, padothi, miyendo atatambasula ngati mwana. Anayamba ndi kuseka. Kusekako kunatembenuka pakati, ndipo analira, kulira kumene sanalire pamaliro pamene anthu ankawayang'ana. Anamusowa Mainess koopsa. Anasowa munthu woti amufunse kuti bwanji simunandiuze, ndi kumva yankho lake lachipongwe.

Yosefina anasiya kuseka. Anaima ndi chitenje chonyowa m'manja, osadziwa chochita. Kenako analowa m'nyumba, anafufuza, anatuluka ndi hamala ndi chitsekerero chija.

"Si nthawi yake ino? Khomani, alamu. Akulu anga akanakhoma."

"Pali polakwika apa."

"Ndiye kuti chiyani? Mthunzi si uwo?"

Anapukuta maso ndi mkono. Anaika chitsekerero pamene panali mthunzi, kunja kwa mzere, pamene bulangete la Mainess linaukokera, ndipo anakhoma. Khoo, khoo, khoo. Chinali choyamba kukhoma ndi dzanja lawo m'nshawa yonseyo.

Loweruka lija mvula inali itabwerera usiku wake, bwalo lili lofewa. Abale a Mainess anakhala pamphasa pansi pa mango. Kuchokera ku Chipangali kunabwera Edmond yekha, ndi kalole kake, atavala jekete yothina. Mwambo sunatalike. A Paison anaimirira, ananena za ukamwini wa a Mbewe, kuti sanatukwanepo munthu, kuti anadwazika mlongo wawo mpaka mapeto. Anati kuyambira lero ndi womasuka, akafuna kukwatira akwatire, akadutsa njira ino asalambalale. Amayi ena anaombera m'manja mofatsa. A Paison anawauza a Mbewe kuti atenge zonse zimene ndi zawo.

Zawozo sizinachedwe kulowa m'lole: njinga, makatoni a mabuku, matiresi, sutikesi. Wailesi anaisiya pawindo, anati Leticia adzaifuna. Atatha, anapita kwa a Paison ndi hamala m'manja.

"Alamu, dothi ndi lanu. Ndikupempha zimene zili m'dothimo."

"Zamabotolozo? Zulani zonse, ana akuthandizeni."

"Ayi. Zolakwika zokha. Ndizula ndekha."

Anagwada pabwalo anthu onse akuyang'ana. Pa choyamba anaima pang'ono, n'kunena motsitsa, moti anamva ndi Yosefina yekha, "Mundikhululukire, mayi, lero ndizula." Misomali inkatuluka mosavuta m'dothi lonyowa. Misomaliyo ankaiunjika pambali, zitsekerero ankazipukuta ndi chala n'kuika m'thumba la jekete. Za zitenje, za malaya, za mabulangete, cha makatani a Khirisimasi. Chimodzi chokha chosokera anachisiya, chatsopano chija, chonyezimira pakati pa zadzimbiri.

Ataimirira anayang'ana. Nshawa inatsala yoongoka bwinobwino, mzere wake wosalala, monga ankaifunira zaka zonse zija. Mpata unali pomwepo. Anaiyang'ana ndipo sanamve kanthu, inangokhala ngati chithunzi cha m'buku.

Leticia anayandikira mwamanyazi, anagwada pang'ono. "Bambo, paipiyi tiichotse, kapena?"

"Isiye. Ndi yabwino poyanikira. Chingwe adzakupatsa amayi ako."

Anagwirana chanza ndi a Paison, amene anagwira dzanjalo nthawi yaitali. Yosefina anabisa nkhope m'chitenje. Lole inatuluka pabwalo mobwerera m'mbuyo, inakhotera kumsewu wafumbi, ndipo mango anabisika kuseri kwa chimanga cha anthu.

Edmond anali mnyamata wabwino, koma sankadziwa chonena kwa malume amene anawaona kangapo kokha moyo wake wonse. Anafotokoza za chipinda chimene anawakonzera, kuti n'chosungiramo matumba koma anasesamo, windo adzaika mwezi wamawa. A Mbewe ankangovomera. Atadutsa mphambano yopita ku Chipata, Edmond anatsegula wailesi kuti ithandize. Posakhalitsa nyimbo ya nkhani za masana inalira.

Mutu wa a Mbewe unawerama wokha kufunafuna mthunzi. Anaona mapazi awo, mphira wong'ambika wa pansi pa lole, ndi botolo la madzi likugubuduka. Anakhala choweramira mpaka mitu ya nkhani inatha.

Lole inagunda dzenje, m'thumba la jekete munalira tswetswetswe. Edmond anacheuka.

"Malume, m'thumbamo mwanyamula chiyani?"

A Mbewe anaphimba thumbalo ndi dzanja kuti lisalirenso.

"Masiku amene akazi anga ankachapa," anatero.

Edmond anabweza maso pamsewu. Anachepetsa wailesi, n'kuyendetsa.